Zingwe Ziwiri

Ya chingwe chimodzi tonse tinaulutsapo:
jumbo ya shuga, timitengo ta tsache,
ulusi womasula ku thumba la feteleza,
liwiro mpaka befu m'tinjira ta Chiputula.
Imeneyo sifuna nzeru. Imakwera, n'kuima,
n'kumakuyang'ana ngati mbuzi pachikhomo.

Ya ziwiri ndinaiona ndevu zitamera kale,
ndili pa sakaramento, kasitomala kumbuyo,
tikutsetsereka ku Katoto.
Chinthu chofiira chinagwa chamutu kuchokera kumitambo,
chinapsopsona udzu, n'kutembenuka,
chikulira ngati nsalu pong'ambika.
Ndinamanga mabuleki osachenjeza.
Mayi uja ananditukwana m'Chitumbuka chakuya,
matimati ake ali mbwee mumsewu.

Mwini wake anali Penjani wa ku Luwinga,
mtsikana wophunzira zamagetsi, wosaseka msanga.
Ananditchulira mtengo wa yakusitolo.
Ndinawerengera: miyezi itatu yopalasa osadya.
Ndiye panga yako, anatero, akukulunga zingwe.

A Msowoya amakonza maambulera kuseri kwa msika.
Anafinya nsalu yanga ndi zala ziwiri.
Iyi imamwa madzi, mphwanga,
ndipo mawawa a Mzuzu sagogoda pakhomo.
Anandipatsa chigamba cha tenti yakale.
Nsungwi ikanyowa imalemera, anatero,
nthiti za ambulera zikapindika sizibwerera.
Pansi pa benchi anasolola ndodo ya mbedza yothyoka,
yopepuka ngati phesi, yokana kugonja.
Za chingwe tinakangana.
Ine ndinkafuna cha pulasitiki, chotchipa.
Chimatamuka, anatero Penjani.
Ukakoka lero, kaiti idzamva mawa.
Ndinaitanitsa twaini kwa mlamu wanga ku Nkhata Bay,
tinayeza mapazi makumi atatu, ziwiri zofanana ndendende,
pakuti chimodzi chikatalika ndi chala chokha
kaiti imayenda ngati munthu wochokera ku kachasu.

Mwera wa Julaye unkatsika ku Kaning'ina
n'kutiluma makutu pabwalo la sukulu.
Koka kumanja, ipita kumanja.
Ngati handulo ya njinga, ndinadzitama.
Bodza.
Njinga imamva minofu. Iyi imamva chala.
Tsiku loyamba inabaya mphuno pansi kakhumi n'kasanu n'kanayi,
ana a Sitandade 4 akuwerenga mokweza
ine ndikuyenda mapazi makumi atatu aja kukaidzutsa,
kubwerera, kukaidzutsanso.

Kuzungulira ndinakudziwa sabata yachitatu.
Koma ukapota katatu kumanja
ubweze katatu kumanzere,
apo ayi zingwe zimakolana pakhosi.
Ndi ngongole, anatero Penjani. Mlengalenga saiwala.

Chimene chinandisautsa n'kuiimitsa m'malere,
duu, mapiko tambasu, ngati kabawi poona mwanapiye.
Ndinkakoka. Inkathawa.
Ndinkakokanso mpaka twaini kundidula chala chamkombaphala.
Usakoke, ipatse.
Ponya manja kutsogolo, yenda kuitsatira,
ilande mphepo pakamwa.
Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zinayi
akulimbana ndi chitunda cha Masasa,
matumba a makala kumbuyo,
ukamuuza kuti aleke kukoka
wamuuza chilankhulo china.

Inaima Lachiwiri lina m'mawa, nkhungu isanachoke.
Penjani anali atapita ku Karonga kukaika mawaya,
ana anali m'kalasi akuloweza matebulo.
Ndinaponda kutsogolo kawiri, manja lende,
ndipo phokoso lonse linatha.
Chigamba cha tenti chinangoti njo pamwamba pa mabulugamu.
Ndinawerenga: modzi, wiri, tatu, nayi.
Ndinatembenuka kuti ndione amene waona.
Galu yekha, nayenso akudzikanda.

Kenako inagwa, inathyola phiko lamanzere.
A Msowoya akuti Loweruka, ndibwere ndi guluu wanga.

Masana ndinanyamula bambo wa tayi kupita ku Zolozolo.
Potsetsereka anandigwira malaya:
Aise, manja ako bwanji sakugwira handulo?
Ndikugwira, bwana, ndinatero.
Ndi zala ziwiri.