Kabotolo Nambala 47

Lolemba, nkhungu isanachoke pa Kaning'ina,
Mlowoka wafika pa njinga yamoto,
matope a ku Lusangazi mpaka m'mawondo,
katoni ya timabotolo yomangidwa ndi mphira kumbuyo.
Mvula yamupeza panjira, akutero,
ndipo yanyowetsa zonse.

Ntchito yangayi saitchula anthu akudya.
Mkazi wanga akafunsidwa kumvano
amangoti, “Ali ku labu, ku Luwinga.”
Zoona zake n'zakuti ndimawerenga chimbudzi cha ana asukulu
monga ena amawerengera kalata.

Diso limodzi pagalasi. Ilo dzira,
chigoba chopyapyala kuposa khoko la anyezi,
mkati timibulu tinayi tounjikana.
Ukachedwa nalo, ukapita kaye kukamwa tiyi,
ola likatha lazimiririka,
ndiye umalemba kuti mwana ali bwino
chikhalirecho akudyedwa.

Koma dzira silitchula mfunda wake.
Alipo awiri, pachibale,
oikira mazira ofanana ngati mapasa.
Wina ali ndi mano, Ankilositoma,
wakumwa mosaleza,
wodziwa kulowera ngakhale pakamwa,
n'kukabisala m'minofu miyezi, osatsokomola.
Mnzake Nekato alibe dzino,
ali ndi timipeni tiwiri tokha.
Amapsontha pang'onopang'ono,
koma ndi mlendo uja wosatsanzika,
chimanga mukolola kangapo iye ali pompo.

Pofuna kudziwa amene ali m'mimbamo, timayamba talera ana ake.
Ndapaka pakapepala,
ndaviika nsonga yake m'madzi, ndatseka.
Masiku asanu ndi awiri. Khumi.
Magetsi azima Lachinayi usiku wonse,
ndipo kuzizira kwa Mzuzu sikukondera,
ngakhale mphutsi zimachita ulesi kuswa.

Lero yatsikira m'madzimo,
ikudzipinda, ikufunafuna phazi.
Ndaiziziritsa ndi dontho la mankhwala kuti iime.
Mchira wosongoka ngati singano,
chovala chake cha mizeremizere.
Nekato. Ndakudziwa.
Ndaomba m'manja ndekha m'chipinda,
mpaka wokolopa wasuzumira pakhomo.

Kenako ndatembenuza kabotolo
kuti ndilembe mwini wake.
Inki inayenda tsiku la mvula lija.
Patsala 47, ndi chilembo chimodzi,
mwina T, mwina F.
Pepala la mayina linamatirirana m'thumba la jekete.

Taonani, nyongolotsi ndaitchula dzina la kutsidya la nyanja,
koma mwana wa pa Lusangazi pomwepa
sindikumudziwa.

Ndikudziwa mapazi ake okha,
poti ndi anga a kale:
zidendene zong'aluka, dothi lozizira la kudimba m'mamawa,
kuyabwa kuja pakati pa zala
komwe tinkakanda pamwala n'kuiwala.
Ndikudziwa chifuwa chouma chimene chinadza pambuyo,
zikope zoyera mkati,
tulo togwira pa phunziro lachiwiri
aphunzitsi n'kumati ndi ulesi.

Ndamuimbira Mlowoka. Foni ikudukaduka.
“Fote-seveni?” Wakhala chete.
Kumbuyo kwake ndikumva chigayo.
“Ndi Tiyezge ameneyo, wa Sitandade 3.
Anabwera womaliza, kabotolo atabisa m'diresi chifukwa cha manyazi.
Uja amatong'ola dothi pakhoma la kalasi n'kumadya.”

Tiyezge.
Ndalemba ndi bolopeni, mokanikiza,
mpaka zaonekera kuseri kwa tsamba.

Mawa apita ndi piritsi loyera.
Adzalitafuna, adzakwinya nkhope, anzake adzaseka.
Chimbudzi cha kwawo chinagwa ndi mvula ya mu Malichi,
Mlowoka wandiuza zimenezo asanadule,
onse akupita kuseri kwa nthochi.
Nsapato ali nazo, za Lamulungu,
zimakhala m'sutikesi.

Ndatsuka galasi. Patebulo 48 akudikira,
dzina lake likuwerengeka bwinobwino.