Chimbale cha m'Thumba la Jekete

Sindinachigule ayi.
Ndinagula jekete ya kaunjika pa msika wa Zomba,
belo atangolimasula, chiperoni chikulasa m'mafupa.
Kufika ku Mpondabwino, dzanja lapita m'thumba lamkati:
chimbale.
Chikuto chosweka pangodya,
chithunzi cha mtengo wouma utaima pa chipale chofewa,
dzina lolembedwa ngati minga ya mthethe.

Nditachiika m'wailesi ndinalumpha kukazimitsa,
ndimayesa sipika yang'ambika.
Ng'oma ngati matalala pa malata,
munthu akubangula kuchokera pansi pa chiwindi
ngati wameza makala amoto ndipo sakufuna madzi.
A Nankhonya anasuzumira pa mpanda:
Bambo Likaka, mwayamba za satana?

Mnyamata wa ku Chanco wobwera kudzawotcheretsa njinga
anatembenuza chikuto, nati, ndi za ku Swideni izi,
amati defi meto, chitsulo cha imfa.
Ndinaseka mpaka ndodo yowotcherera inagwa.
Chitsulo ndimachidziwa, chandidyetsa zaka khumi ndi zisanu.
Imfa nayonso si mlendo pakhomo pano.
Koma kuziwotcherera pamodzi?

Usiku wachitatu ndi pamene ndinamva.
Pansi pa phokoso lija pali magitala awiri,
ina patsogolo, ina pambuyo pang'ono,
akuyenda ngati amayi awiri ochokera ku siwa m'bandakucha,
uyu akatsitsa mawu, mnzake akweza,
osayang'anana, koma misozi yake imodzi.
Ndinakhala pansi, pa simenti.

Gelesomu, mng'ono wanga,
tsiku lomwe tinakutsitsa ku Sadzi ine sindinalire.
Ndinali kuwerenga matabwa, kufunsa za mafuta a lole,
kugawa mabanzi kwa adzukulu.
Amati mwamuna salira, ndinamvera.
Kulirako kunatsalira pakhosi ngati fupa la matemba,
zaka zinayi.
Ndiye wabwera mzungu wosadziwa ngakhale Likangala
kudzakuwa m'malo mwanga.

Zimene akunena sindizimva.
Mwina akutukwana dzinja lakwawo
limene akuti dzuwa limatuluka ngati wangongole,
kungosuzumira n'kubwerera.
Mwina naye anaika wake m'nthaka youma gwa ndi chisanu.
Ndilibe nazo kanthu.
Galu akalira usiku sufunsa chilankhulo.

Nyimbo yachinayi imayamba mwaulemu,
gitala imodzi yopanda magetsi, ngati nkhungu
ikamatsika pa Chawe kudzaphimba mitengo ya paini.
Ukati upume,
phiri lonse lakugumukira.
Woimba ng'oma ameneyo ali ndi miyendo ingati?
Ndayesa kumutsata ndi nyundo pa njanji yanga,
mkono unatopa iye asanayambe n'komwe thukuta.

Yachisanu ndi chimodzi inakalika.
Imafika pomwe gitala ikukwera, kukwera,
n'kuyamba chibwibwi, ta, ta, ta.
Ndapukuta ndi malaya, ndapaka mankhwala otsukira mano,
yakana.
Mathero ake ndimapeka ndekha pokwera Chinamwali,
tsiku lililonse ena.

Nthawi zina ndimaganiza za mwini jekete.
Mapewa ake ndi aakulu kuposa anga,
manja ndimachita kupinda kawiri.
Kodi anachifunafuna chimbalechi pansi pa bedi?
Kapena ndi amayi ake analongedza zovala m'katoni
maso ali kumbali,
monga tinachitira ndi zako, Gelesomu,
osapisa m'matumba?

Dzulo magetsi anazima pakati pa nyimbo yomaliza.
Kunja kuli zii, achule okha ku dambo.
Kenaka kuseri kwa mpanda ndinamva
a Nankhonya akutsuka mbale,
akung'ung'udza chapansipansi
njira ya gitala yachiwiri ija,
osalakwitsa ngakhale pamodzi.
Sindinawauze.
Ndinangovala jekete,
n'kutenga ya gitala yoyamba.