Theka Linalo

Dzina lako latuluka, Penyani,
pa mndandanda wa ngongole za boma.
Unandiimbira ndili m'kalasi, choko chili m'manja,
ukupuma wefuwefu ngati wathamanga kuchokera ku Kapata.
Akuti alipira theka.
Ndinati zikomo Ambuye, ana a giredi faifi akundiyang'ana,
kenaka ndinafufuta bolodi pang'onopang'ono
ndikuwerengera mumtima theka linalo.

Theka linalo lilibe mwini.
Atate anatisiyira njinga ndi ngongole ya feteleza.
Amayi ali ndi matumba asanu a mtedza wa chalimbana,
awiri mwa iwo ndi mbewu.

Lachisanu ndinanyamuka ku Chadiza m'bandakucha.
Ku banki, mtsikana wa zikhadabo zofiira
anayala pepala la malipiro anga pa tebulo
monga namwino akamamasula bandeji pa chilonda.
Apa akukudulani ya sukulu yanu, mayi,
apa ya malata, apa ya maliro a chaka chatha.
Tikadulanso ife, mudzadya chiyani?
Anafunsa mwaulemu, ndiye kupweteka kwake.
Zaka zisanu ndi ziwiri chivalireni gauni,
digiri yanga ikudyabe m'mbale mwanga.

A Shawa a ku Mchini safunsa za kudya kwa munthu.
Amakhala pa mpando wa pulasitiki, kabuku pa bondo,
kaloba wawo ndi wosavuta kumva:
chikwi lero, chikwi ndi theka mwezi ukatha,
khadi la ku banki ligone kwa iwo.
Chitseko cha chipinda chinali chotsekula pang'ono.
Mafiriji, mawailesi, makina osokera a eni ake,
zonse zili duu, ngati anthu pa siwa.
Ndinawonamo njinga yonga ya atate.
Ndinapereka moni, ndinafunsa za ana,
n'kutuluka chammbuyo.

Usiku foni nayo imandinyengerera:
mwayenerera mazana asanu, dinani apa.
Ndalama yongokuwolotsa mlatho wa Luangwa
n'kukutula mu Lusaka ndi njala,
koma ikayamba kulonjerera, ngakhale m'tchalitchi imalira.

Ndiye ndinapita kwa amake Zelipa,
ku gulu la amayi losonkha Lachiwiri,
bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu.
Anakukumbukira uli wamamina, ukugulitsa nzimbe pa siteshoni.
Anati mwana wa Tisauke ndi wathu,
anawomba m'manja, wina analulutira.
Atatero anatsekula buku.
Miyezi itatu, chiwongoladzanja pamwamba,
ndipo ukachedwa sakutukwana ayi,
amangobwera onse khumi ndi asanu ndi anayi
kudzakhala pakhonde pako, zitenje zili bwinobwino,
osanena kanthu mpaka dzuwa kupendeka.
Ndinasaina.

Zotsalazo ndasoka ngati chigamba.
A Miti andipatsa malo awo pa chilimba cha aphunzitsi,
ine ndidzalandira wotsiriza, mvula itagwa.
Amayi agulitsa matumba anayi.
Werenga bwino: anayi.
Usawafunse, adzakana.

Tsono usandithokoze, mlongo wanga,
sindikudziwa poika mawu otero.
Ukakhala pansi ndi fomu ya bomayo
werenga ndi tizilembo tating'ono tomwe, ta kumapeto,
timene ine ndinalumpha chifukwa cha chimwemwe.
Ngongole imeneyo ilibe phokoso.
Idzakusiya uphunzire, udwale, ukonde mtsikana,
idzakudikira pa chipata tsiku la gauni
itapinda manja, ikumwetulira ngati wachibale.
Itenge ndithu. Inenso ndikanaitenganso.
Koma uidziwe nkhope.

Risiti ndaika m'thumba la mkati mwa chikwama,
pamodzi ndi reji yako ndi zithunzi ziwiri.
Bulangeti tenga langa lija lofiirira,
ku Lusaka kumazizira kuposa kuno.
Basi inyamuka folo koloko, usagone tulo tofa nato.

Za temu yachiwiri sindinayambe kuwerengera.
Choko chatha, ndipo mawa ndili ndi masamu.