Waya Wakufa

Zaka makumi awiri ndakwawa m'masiling'i a Joni,
tochi pakamwa, fumbi m'mphuno,
kusaka waya wodyedwa ndi makoswe
m'nyumba zokalamba za ku Turffontein ndi Yeoville.
Eni nyumba ankangonditcha Malawi;
dzina loti Chikakwiya linkawalemera lilime.

Lero waya woonongeka uli mwa ine.

Kabatire aka anandiika nditagwa pa renki ya Bree,
anthu akundilumpha ngati thumba la makala,
mtima utaiwala kuwerenga.
Zaka zisanu ndi zinayi kakhala kakuuwerengera,
mwakachetechete, pansi pa fupa la phewa,
mpaka mwezi wa Juni, ndili pa makwerero,
dziko linapendekeka
ndipo chifuwa chinayamba kudumpha chokha ngati ntchofu.

Dokotala Sithebe anaimika chithunzi pa nyali.
Nthiti zanga, zoyera ngati mpanda wa mayadi,
ndi mawaya awiri akutsika mumtsempha.
Apa, anatero, pakhala pakupekesana ndi fupa.
Ndinaona asanaloze.
Ntchito yanga imeneyo.

Tikhoza kuutseka kumutu, kuusiya momwemo,
n'kudutsitsa wina pambali pake.
Koma njira yapanikizika, bambo,
ndipo mukadali ndi zaka zambiri zoti muzisenze.
Vuto n'loti thupi silidziwa mlendo:
mnofu waukumbatira, wamera nawo,
kuukoka chabe n'kung'amba khoma.

Ndinakhala chete, poti ndikudziwa.
Ndi angati amene ine ndinawakulunga tepi yakuda
n'kuwakankhira m'paipi,
n'kupaka pulasitala, n'kulandira ndalama?

Pepala linali ndi mawu oti imfa pamzere wachinayi.
Ndinasaina ndi dzanja losendera mkuwa.
Magazi a munthu wina akudikira m'firiji,
dokotala wina, wotsegula zifuwa, waima pafupi
ngati wozimitsa moto pa ukwati.

Usiku ndinaimbira Nasibeko ku Ntcheu.
Akungosintha batire, ndinatero.
Iye anati mbuzi yabereka awiri,
kenako anakhala chete nthawi yaitali
mayunitsi akutha.
Amandidziwa ndikamanama, ndimalankhula mwaulemu.

M'mawa, pa kabedi ka matayala, ndinafunsa namwino:
magetsi akazima?
Anaseka. Tili ndi jenereta, tate.
Anailumikiza ndani? Sanayankhe,
anali atandivundikira kale mphuno.

Zotsalazo ndinachita kumva.
Akuti analowetsa kapaipi kovala wayayo ngati malaya,
kunsonga kwake kuli moto wa kuwala,
n'kumasenga mnofu pang'ono, pang'ono,
kuima, kuyang'ana, kusenganso,
maola atatu
pa mtunda wosafika mkono umodzi.
Ine ndikanathyola khoma pa mphindi khumi.

Nditatsitsimuka, kukhosi kuli gwa, ndinaupempha.
Anaubweretsa m'kambale kachitsulo:
woonda ngati chingwe cha nsapato,
tizidutswa ta ine tikadali kakaka m'mbali mwake.
Mng'alu wake sukanadutsa nyerere.
Kameneka?
Kameneka ndiko kanafuna kundipititsa kwathu m'bokosi,
kudzera pa Beitbridge, pa ngolo ya achibale osonkha?

Anakana kundipatsa. Ukapimidwe kumene unapangidwa.
Ndinkafuna ndiuike m'bokosi la zipangizo
pakati pa pulayala ndi tesita.

Tsopano mkono wamanzere usakwere kuposa phewa
masabata asanu ndi limodzi.
Makwerero ali kwa Fulaksoni, asawagulitse.
Pa windo la wodi ndikuona Hillbrow akuyaka mbali imodzi,
mbali inayo ili bii, nthawi yawo yozimitsidwa,
ndipo m'kati muno waya watsopano
akugogoda mosaphonya, ngati mlendo waulemu.

Tulo sitikubwera.
Ndikuganiza za nyumba ina ku Rosettenville,
ya mayi wamasiye woweta zinkhwe,
kuseri kwa chitofu, kumanzere, m'munsi,
pamene ndinalumikiza mothamanga Lachisanu lina
chifukwa takisi yomaliza inkandisiya.
Tepi ija pano yauma.

Mkono ukadzakwera, ndidzayambira kumeneko.
Ndidzati ndimangodutsa.