Maso a Ukonde

Magetsi abwera naini koloko itadutsa
kuno ku Bangula, malata akadali ndi dzuwa la masana,
ndipo ndatsegula kompyuta pa tebulo la amayi
pambali pa thumba la thonje lomwe likudikirabe wogula.

Ntchito yanga nayi: mapepala mazana asanu a akatswiri,
a malungo, a likodzo, a magazi ndi tizilombo take,
amene dziko lawatchula kuposa ena onse.
Pepala lililonse ndi kadontho.
Likatchula linzake, ndimakoka chingwe.
Uje anatsamira uje, ujeyo anapala moto kwa wina,
mpaka galasi lonse ladzaza
ngati ukonde woyanika pa gombe ku Chiromo.

Alipo madontho onenepa ngati mvuu,
zingwe zimangothamangira kwa iwo
monga Ruo athira m'Shire osaodira.
Ena asanu ndi awiri amangotchulana okhaokha,
chipereganyu cha anthu a khonde limodzi.
Kena kali kutali pakona, kopanda mnzake.
Ndikanakafufuta, koma ndakasiya.

Amalume a Zuze alowa, fungo la mlamba wowamba lili m'malaya.
Ayang'ana nthawi yaitali.
"Wosoka ukonde uwu sadziwa nsomba," akutero,
"apa maso ngothina, apa ng'ona ingadutse ndi ana ake."
Ndawauza kuti sindinasoke ine,
ndangoutambasula kuti tione pong'ambika.

Kenako ndawalozera dontho lalikulu kumanzere,
la udzudzu wa m'dambo,
lotchulidwa kokwana zikwi zitatu ndi kanthu.
Aseka, napinda buluku kufika m'mawondo.

Dzinja lija iwo ndi malemu Alufandika
ankachezera pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba,
miyendo pamtunda, kachubu kukamwa, tochi m'manja,
kudikira utere, kuuyamwa usanalume,
kuulavulira m'kapu yolembedwa ola lake.
M'mawa galimoto yoyera inkatenga makapu.
Malungo anawagwira kawiri. Analandira njinga.

Ndatsetsereka nalo pepalalo mpaka kumapeto
kumene zilembo zimachepa ngati nyerere:
tikuthokoza anthu odzipereka a m'deralo.
Mzere umodzi basi.
Makina anga sauona mzere wotere,
chingwe chimafuna dzina ndi chaka
kuti chipeze pomangirira.

Magetsi athimanso.
Ukonde ukuwala wokha m'chipinda, batire latsala pang'ono,
achule ayambiranso cha ku njanji.
Amalume amenya msongolo, phaa,
nayang'ana chikhatho pa kuwala kwa madontho.
"Uyu ngwa leveni koloko," akutero, "lemba."

Ndatenga pensulo ndi lisiti la feteleza,
kuseri kwake ndajambula timadontho tiwiri:
Zuze. Alufandika.
Chaka akukangana nacho okha, akuwerenga ndi zala
kuyambira pamene madzi analowa m'sukulu.
Ndagwira pensulo m'mwamba, ndikudikira,
chingwe sindinakoke.