Kufulula m'Tchalitchi cha Horeb

Tinagula Horeb mu Novembala,
ine ndi mlongo wanga Gethin,
mvula ya ku Wales ikutsetsereka pa masileti a denga
ngati ilibe kwina kopita.
Wogulitsa anati makoma ndi olimba. Sananame.
Nyerere za mu mkuyu tinazipeza titasaina kale.

Thanki yoyamba inafika pa lole Lachiwiri.
Khomo linachepa ndi zala zinayi.
Zala zinayi basi!
Mayi Ceinwen Vaughan a ku khonsolo
anasisita mphuthu ngati mutu wa mwana wodwala:
"Mwala uwu ndi wa 1868. Osaukhudza."
Thanki inagona panja masabata asanu itafunda lona,
ana a sukulu akuiwomba ngati ng'oma,
mpaka tinazula zenera lakumbuyo, galasi limodzilimodzi,
n'kuilowetsa chogona, anthu asanu ndi atatu tikubuula.

Pansi anapendeketsa dala amisiri akale
kuti wakumbuyo aziona mlaliki.
Madzi nawo ndi omvera: onse amathamangira kuguwa,
kumene kulibe ngalande.
Tinakumba.
Kunsi kwa matabwa tinapeza thanthwe, mabatani a majekete,
ndi kandalama kamene kanathawa mbale ya chopereka.

Tegid wamagetsi anatsegula bokosi,
naimba mluzu, natsekanso.
Mawaya ankadziwa mababu asanu ndi limodzi,
ife tikufuna kuwiritsa malita mazana asanu.
Mtengo umene anatchula ndinaumva m'mawondo.

Kudenga kuli mileme makumi atatu ndi iwiri.
Anachita kubwera munthu wa boma kudzaiwerenga,
ndipo lamulo limaikonda kuposa ife:
osaboola denga, osaika chumuni.
Nthunzi inkakwera, kugunda pulasitala wozizira,
n'kubwerera ngati mvula ya m'nyumba
kudzanyowetsa matumba a chimera.
Chuku chinamera pamene panali manambala a nyimbo.

Mu Januwale yisiti inagona tulo.
Gethin anafunditsa thanki mabulangete a malemu mayi,
nagona pa benchi, khutu pachitsulo,
kudikira kaphokoso ka thovu
monga mmene amadikira mpweya wao masiku omaliza aja.

Mowa woyamba unasasa.
Mitanda yakale ili ndi tizilombo take,
tinafika kale ife tisanabadwe.
Tinatsegula mpopi, malita onse phwaa!
Gethin anati, "Ngalande yokha ikugwira ntchito,"
tinaseka mpaka ine ndinakalilira kuseri kwa guwa,
kalata ya kubanki ili m'thumba, yosatsegula.

Bambo Idwal Rowlands, dikoni wotsiriza,
analumbira muno ali ndi zaka khumi ndi ziwiri
kuti mowa sudzadutsa pakhosi pao.
Tsiku ndi tsiku amabwera ndi ndodo yao,
kukhala pa benchi yachitatu, osanena kanthu.
Ndinkayesa akutitemberera chamumtima.

Tsiku lina denga likudontha, anaimirira,
napapasa kuseri kwa kabati ya m'chipinda cha madikoni,
natulutsa chingwe chakuda ndi fumbi.
Anakoka. Kumwamba kunalira kwiii,
kazenera kobisika kanayasamula,
nthunzi n'kutuluka mwaulemu, mileme osadzuka.
"Anthu mazana atatu a makhoti onyowa," anatero,
"mukuyesa tinkapuma bwanji?"

Wachitatu unapsa bwino mu Epulo,
wofiirira ngati tiyi wosathira mkaka.
Ndinawatungira pang'ono m'kapu.
Ananunkhiza nthawi yaitali, nandibwezera.
"Sindilawa.
Koma muno mwayambanso kufunda."

Ngongole ikadalipo.
Khoma lakumpoto likutuluka thukuta la mchere,
ndipo thanki yachiwiri ikubwera Lolemba.
Tayeza zenera kanayi.
Gethin wapitanso kukayeza.