Mpata wa m'fupa langa

Ndinagwa pa sikafodi ku Matawale
mwezi wa Meyi, chipande chili m'manja.
Miyezi isanu ndi iwiri tsopano
fupa la mwendo likukana kugwirana.

Dokotala Chikopa anakweza chithunzi pawindo,
kuseri kwake phiri litafunda nkhungu.
Mpatawo ndinauona ndekha,
kachala kanga kakanalowapo.
Ine amene ndamata ming'alu ya nyumba za eni
kuyambira Chinamwali mpaka Sadzi.

Anati m'mongo mwanga muli maselo
amene sanasankhebe ntchito,
ngati anyamata a pamlatho wa Likangala m'mamawa,
manja m'thumba, kudikira wowaitana kuganyu.
Ena adzakhala fupa, ena mafuta chabe.
Wowalozera pogwira ndi mahomoni,
akapitawo osaoneka oyenda m'magazi.

Ndinafunsa: akapitawowo amalembedwa kuti?
Anaseka, kenako analeka.
Akatswiri akali kuyesa, anatero,
kuti aone ngati angawatume pamene pathyoka.
Kuno ayi. Pakadali pano ayi.

Usiku wodi yonse ikubuula,
Abiti Saizi atagona pachitenje kunsi kwa bedi,
ndimagogoda chikhakha ndi supuni:
Anyamata, dzukani, ntchito ilipo.
Simenti ndatumiza kale,
matemba a ku Kachulu ndatafuna ndi minga yomwe.
Yambirani mbali zonse ziwiri,
mukumane pakati, chingwe chisapotoke.

Lachinayi mwendo unayabwa mkati,
penapake posafika chala.
Sindinauze munthu.
Mmisiri sayamika khoma lisanaume.